Akatswiri a Mfumu Sindilakwa

Ku ufumu wa Pamaso kudali lamulo limodzi lomwe ngakhale mwana woyamwa ankalidziwa: ntchito imene mfumu sidaione sidagwiridwe. Munthu ankatha kukumba chitsime mpaka madzi kutuluka, mudzi wonse n'kumamwa, koma ngati mfumu sidamuone atagwira khasu, chitsimecho chidangodzikumba chokha. Mendulo ankalandira ndi uja adaima pafupi atavala chipewa choyera pamene galimoto ya mfumu inkadutsa. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse onse ogwira ntchito m'boma ankakhamukira kubwalo la mumzinda wa Ndionereni kukagwada ndi kuomba m'manja pamaso pa Mfumu Sindilakwa Wachiwiri. Mwambowu unkatchedwa Moni, ndipo unkatha dzuwa lili paliwombo. Pobwerera kumaofesi anthu ankakhala atatopa, choncho ankapuma mpaka nthawi yoweruka.

A Tobiyasi Kamtengeni adali mlembi wamkulu mu Unduna wa Zamakono. Sadali munthu woipa, komanso kulimba mtima sikudali kwawo. Chomwe chinkawadya mumtima ndi mzere wa kuchipatala chachikulu. Akazi awo, Nangondo, ankadwala matenda a shuga, ndipo mwezi uliwonse ankayenera kukapimitsa ndi kulandira mankhwala. Mzerewo unkayambira pachipata cha chipatala, kudutsa mumsika wa Mphekesera, n'kukathera kotsukira galimoto. Nangondo ankaima pamenepo tsiku lathunthu osalawa kanthu, poopa kuti akangochoka malo awo apita, ndipo kangapo konse adakomoka, anthu n'kubwera nawo kunyumba pa kabaza. A Tobiyasi ankawakonda akazi awo, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuwachotsa pamzere umenewo.

Adaganiza za pulogalamu ya pafoni yoti izipatsa wodwala aliyense nthawi yakeyake yopitira kuchipatala, munthu azidikira ali kwawo. Kwa mfumu sadatchule za odwala, pakuti ankadziwa pothira mchere. Adangonena mogwada kuti amva kuti mfumu ya ku Tsidya ili nayo kale pulogalamu yotere, ndipo anthu akuitama. Mfumu Sindilakwa idalamula tsiku lomwelo kuti ya ku Pamaso ipangidwe, ndipo ikhale yaikulu kuposa ya ku Tsidya.

Vuto lidali wopanga. Muunduna mudali akatswiri a makompyuta odzaza chipinda, onse adzukulu a nduna zosiyanasiyana, ndipo makompyuta awo ankawasamala kwambiri. Adawafunditsa tinsalu toluka kuti asachite fumbi, ndipo chifundikireni padalibe yemwe adavundukulapo. A Tobiyasi adafufuza pa intaneti mpaka adapeza gulu la anthu anayi okhala m'maiko akutali, aliyense kwawo, otsogozedwa ndi mayi wina dzina lake Imelida Sorani. Adawapatsa kantchito koyesera, iwo n'kukamaliza sabata isadathe. A Tobiyasi adachita mantha pang'ono, chifukwa chibadwire adali asadaonepo ntchito ikutha.

Koma ku Pamaso munthu salembedwa ntchito osadzera kwa Nduna ya Mwambo ndi Maonekedwe, a Gwadani. Mkuluyu adakhala patsogolo pa laputopu atapinda manja, n'kuyamba kufunsa mafunso ofunika. Adafunsa kuti Imelida ndi mwana wa yani, malume ake ali mu unduna uti, ndipo akathawa tikamufune kwa mfumu iti. Adafunsanso ngati pagulupo pali wodziwa kutsogolera nyimbo. Imelida adayesa kuonetsa mapulogalamu omwe adapangira zipatala za maiko ena, koma a Gwadani adayang'ana kumbali.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo," adatero a Gwadani potembenukira kwa a Tobiyasi. "Munthu amene simungamuimike padzuwa n'kumukalipira, ameneyo mungati ndi wantchito wanu?"

Pomaliza adavomera, koma adati akatswiriwo azipezeka pa Moni ngati wina aliyense.

Tsiku loyamba adaika laputopu pampando pakati pa bwalo. Nkhope zinayi zidaoneka m'timabokosi tawo, maso ali psuu, pakuti kwa ena mwa iwo nthawiyo idali yogona. Wolengeza atafuula kuti onse agwade, akatswiriwo adamvera. Adatsika pamipando yawo n'kugwada, ndipo nthawi yomweyo adasowa pagalasi. Mfumu idangoona makoma anayi, kalendala, ndi mphaka wa mmodzi wa iwo akuyasamula.

Kusowa pamaso pa mfumu nthawi ya Moni udali mlandu waukulu, ndipo kukhala pampando mfumu ikukuona udali mlandu waukulunso. Nduna zidatsekerana m'chipinda kukambirana. Zina zidati wogwada wosaoneka aposa wooneka wosagwada, zina zidati ayi, kugwada kosaoneka n'chimodzimodzi kuimirira. Nduna ya Zaulimi, yomwe idali mtulo, idadzidzimuka n'kugwirizana ndi mbali zonse ziwiri. Atakangana kokwanira adagamula kuti laputopu nayonso izigwada. Katswiri aliyense azitsitsa pansi laputopu yake kwawoko, kenaka iyeyo azigwada patsogolo pake kuti azionekabe.

Ku Mphekesera nkhaniyi idafika isadazizire. Mayi wina wogulitsa tomato adati ufumu wapita patsogolo ndithu, poti kale ankagwada ndi anthu okha, lero ndi makina omwe. Wogulitsa makala adati iye wayamba kale kuiphunzitsa njinga yake, kuopa kudzaitanidwa mwadzidzidzi.

Kenaka a Gwadani adalamula kuti makamera a akatswiriwo asazimitsidwe tsiku lonse, ndipo adaika msilikali woti aziwayang'anira. Msilikaliyo adagwira ntchito yake mokhulupirika. Adakanena kubwalo kuti anthuwo ndi alesi otheratu: amangokhala duu kuyang'ana patsogolo, mwina kukanda m'mutu, kenaka kugogoda pang'ono, basi. Mmodzi adamuona ndi maso ake akufufuta zonse zomwe adalemba dzulo lake, chikhalirecho akumwetulira. A Tobiyasi adayesa kufotokoza kuti ntchito yotereyi yambiri imachitikira m'mutu, koma a Gwadani adafunsa ngati m'mutu mumaoneka. Lamulo lidatuluka loti kuganiza pa nthawi ya ntchito n'koletsedwa, ndipo zala zizimveka kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ntchito idayamba kukwawa. Mauthenga a Imelida, omwe poyamba adali aatali ndi ansangala, adayamba kufupika. Mwezi umenewo Nangondo adabwera kuchokera kumzere miyendo itatupa, ndipo a Tobiyasi adawathowa ndi madzi otentha, manyazi atawagwira.

Zinthu zidafika pa mwana wakana phala pamene mlamu wa mfumu adamwalira. Onse odya za boma adayenera kukapezeka kumaliro, ndipo a Gwadani adati akatswiri nawonso amadya za boma. Laputopu idanyamulidwa mpaka kumudzi, n'kuikidwa pamphasa pakati pa amayi olira. Imelida adayamba kupereka moni mwaulemu kwa amene adamunyamula, ndipo pomwepo netiweki ya kumudziko idathawa. Nkhope yake idauma pagalasi mano onse ali pamtunda. Idamwetulira nthawi ya mbiri ya malemu, idamwetulira ulaliki wonse, idamwetulirabe bokosi likutsikira m'manda. Mayi wina wachifundo adaifunditsa chitenje, koma a Gwadani adachichotsa msanga, poti palibe wololedwa kubisala mfumu ilipo.

M'mawa mwake a Gwadani adapempha kuti anthu oseka pamaliro achotsedwe ntchito. Mfumu idati igamula ikamaliza kulira. Tsiku lomwelo Imelida adaimbira a Tobiyasi, ndipo sadazungulire.

"Bambo Kamtengeni, ife timakulemekezani, ndipo ntchitoyi taikonda. Koma sankhani chimodzi. Mukufuna kutiona ife, kapena mukufuna kuona pulogalamu? Zonse ziwiri sizitheka."

A Tobiyasi adatuluka muofesi mutu utakula, n'kungoyenda mpaka adapezeka ali ku Mphekesera. Adakhala pabenchi pafupi ndi mkulu wina wamimba yaikulu, a Lokiyasi, amene ankagulitsa zikuto za mafoni ndi magalasi a m'maso. Ali pomwepo kudamveka kulira kwa galimoto za kunyumba ya mfumu, ndipo msika wonse udagwada monga mwa nthawi zonse, ena bondo limodzi, ena dzanja lili pakatundu kuopa akuba. Koma a Lokiyasi adagwada mwaluso. Adatsika pang'onopang'ono, mimba n'kukhudza fumbi, mutu atapendeketsa, ndipo kuomba kwawo m'manja kudamveka mpaka kogulitsira nsomba. M'galimotomo mudalibe ngakhale mfumu, adali ophika ake akukagula anyezi. A Tobiyasi adawayang'anitsitsa a Lokiyasi, ndipo nzeru idawafikira: mfumu inkafuna mawondo, iwo ankafuna mitu, ndipo padalibe lamulo loti ziwirizi zikhale pathupi limodzi.

Adapangana ndi a Lokiyasi ndi anzawo atatu, telala, wometa ndi wakabaza wina amene msana udamutopetsa. Adawagulira masuti pa kaunjika, magalasi adatenga pamalonda a Lokiyasi omwewo, ndipo pa Moni wotsatira adawatsogolera kubwalo.

"Mfumu ya mafumu," adatero a Tobiyasi, "awa ndiwo eni nzeru. Aja a pagalasi aja ndi antchito awo chabe, ongolemba zomwe awa awauza. Atamva za manyazi a kumaliro aja, abwera okha kudzapepesa ndi kudzakhala pamaso panu."

A Lokiyasi adagwada monga adagwadira kumsika, n'kuwonjezerapo misozi. Mfumu idakhudzidwa kwambiri. Idati chilowereni ufumu sidaonepo munthu wophunzira chotere. Za antchito a pagalasi padalibenso wofunsa, pakuti wantchito wa wantchito sayenera kuonekera kubwalo, ndipo msilikali uja adamubweza kukalondera pachipata.

Makamera atazima, ntchito idathamanga. Imelida ndi anzake ankagona nthawi yogona, kuganiza momwe afunira, kufufuta zomwe afuna, ndipo Lachisanu lililonse ankaonetsa a Tobiyasi pomwe afika. Akatswiri atsopano aja adapatsidwa ofesi ya zenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Mmenemo ankagogoda makompyuta osalumikiza kumagetsi, mwamphamvu kotero kuti odutsa ankachotsa zipewa. Mfumu ikafunsa kuti ntchito ili pati, a Lokiyasi ankayamba atsokomola, kenaka n'kuyankha kuti zinthu zikulowa, angodikira kuti netiweki ikhute. Nduna zonse zinkagwedeza mitu kusonyeza kuti zamva.

Pulogalamu idatha, ndipo idagwira ntchito. Mzere wa kuchipatala udafupika, kenaka udasowa. Nangondo adalandira uthenga pafoni wowauza nthawi yawo, adatereka nyemba, adapita kuchipatala, n'kubwerako nyembazo zisadapse. Atafika adakhala pakhonde n'kumangoseka okha. A Tobiyasi adakondwa kuposa tsiku la ukwati wawo, ndipo atawafotokozera akazi awo za a Lokiyasi, awiriwo adaseka mpaka kugwira nthiti. Ku Mphekesera odandaula adali ogulitsa mtedza ndi madzi a m'mapepala okha, omwe adati boma lawathamangitsira makasitomala.

Imelida adawachenjeza a Tobiyasi kuti pulogalamu ili ngati dimba, ukasiya kuthirira imafota, choncho gulu lake lipitirize kuisamalira. A Tobiyasi adati zimenezo n'zosavuta, angodikira mwambo wotsegulira upite.

Mwambowo udali waukulu. Ana a sukulu adatsekeredwa sukulu kuti adzaimbe za ubwino wa maphunziro. Mfumu idayankhula nthawi yaitali, kufotokoza momwe idalotera pulogalamuyi ili mwana, ndi momwe mfumu ya ku Tsidya yaondera ndi nsanje. Idaveka a Lokiyasi mendulo yaikulu ngati mbale, anzawo atatu aja timamendulo tocheperapo. Itatsala pang'ono kukhala pansi, a Gwadani adakwawa n'kuinong'oneza kanthu kukhutu. Mfumu idaimiriranso.

"Anthu anga, eni nzeru tili nawo pano, tikuwaona. Nanga antchito awo akutali aja, oseka pamaliro aja, tikuwasungiranji? Kuyambira lero apite. Pulogalamu ya ku Pamaso isamalidwa ndi anthu a pamaso."

Nthungululu zidamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. A Tobiyasi adalingalira zoulula chinyengo chawo chija. Kunena zoona kukadatanthauza kuti maso a mfumu adanamizidwa, ndipo mfumuyo dzina lake lidali Sindilakwa. Wonamiza maso a mfumu ankathamangitsidwira kudera lakutali la Kuseri pamodzi ndi banja lake, ndipo ku Kuseri kudalibe chipatala, kudalibe ngakhale mzere woti munthu n'kuimapo. Ali mkati moganiza zimenezi adamva dzina lawo likutchulidwa. Mfumu idawakweza kukhala Nduna ya Zamakono, chifukwa chobweretsa akatswiri m'dziko. Adagwada, adaomba m'manja.

Imelida adalandira nkhaniyi mwaulemu. Adadzipereka kuti asadachoke aphunzitse amene atsale ndi ntchitoyo, ndipo a Tobiyasi adathamangira kwa a Lokiyasi kukawapempha kuti amvetsere, ngakhale pang'ono pokha. Adawapeza akupukuta mendulo. A Lokiyasi adawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutsokomola.

"A Nduna, mudaonapo kuti bwana akuphunzitsidwa ndi wantchito wake? Anthu akamva adzati chiyani?"

A Tobiyasi adawakumbutsa motsitsa mawu za benchi lija, zikuto za mafoni ndi suti ya pa kaunjika. A Lokiyasi adati zakale sakuzikumbukira bwino, poti mutu wawo tsopano wadzaza ndi ntchito. Adawonjezera kuti ngati a Nduna akukayikira ukatswiri wawo, akhoza kupitira limodzi kwa mfumu kukafunsa kuti mendulo idapita kolakwika kapena ayi. A Tobiyasi adatuluka n'kutseka chitseko bwinobwino.

Lamulo loyamba la mfumu kwa akatswiri ake lidali loti nkhope yake ilowe m'pulogalamu, wodwala aliyense aziyamba waiona asadauzidwe nthawi yake. A Lokiyasi sadazengereze. Adapita kuchipinda chomwe mudali kompyuta yaikulu yosunga pulogalamuyo, adaitsegula ndi mpeni wa telala, n'kuikamo chithunzi cha mfumu. Mawaya ena ankatchinga nkhope ya mfumu, choncho adawazula. Wometa adapukuta mkati monse ndi kansalu konyowa kuti mfumu isakhale pafumbi. M'mawa mwake mafoni onse a mu Ndionereni adangoti zii. A Lokiyasi adauza bwalo kuti pulogalamu ikuchita manyazi ndi nkhope ya mfumu, izolowera.

A Tobiyasi adatumiza uthenga kwa Imelida mwakabisira. Adayankha mwachifundo kuti gulu lake lidalembedwa kale ntchito kwina, komanso njira zonse zolowera m'pulogalamuyo adazipereka monga adalamulidwira. Adafunsa kuti Mayi Kamtengeni akupeza bwanji.

Mzere udabwerera, ndipo udabwera ndi abale ake. Udadutsa kotsukira galimoto mpaka kukafika pamlatho. Ogulitsa mtedza adabwerera m'malo awo akuyamika boma lomvera anthu, ndipo mayi wa tomato uja adati chitukuko cha ku Pamaso n'chaulemu, chikabwera kudzacheza sichikhalitsa.

Tsiku lina mfumu idaganiza zoyendera mzinda pagalimoto yake yopanda denga, ndipo Nduna yatsopano ya Zamakono idapatsidwa ulemu wokhala pambali pake, pansi pa ambulera ya mfumu. Ambiri ku Pamaso adakalamba akulota mpando umenewo. Galimoto itafika pamlatho idayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo mzere wonse udayamba kugwada, okalamba, amayi oyembekezera, a ndodo ndi a mabandeji omwe. Nkhope ya mfumu idawala.

"Taonani, Nduna," idatero mfumu. "Masiku apitawa pano padali zii, ndinkachita manyazi kudutsapo ndi alendo. Munthu ukadati mfumu ilibe chipatala. Lero anthu anga akuoneka."

A Tobiyasi adavomera kuti akuonekadi. Maso awo ankayenda ndi mzerewo, akupemphera kuti asaone chomwe ankafunafuna, koma adachiona. Nangondo adali pafupi ndi kotsukira galimoto, padzuwa, milomo itauma. Adachedwa kugwada chifukwa cha miyendo, ndipo adatsika atagwira phewa la mayi amene adali patsogolo pawo.

"Kwezani dzanja, Nduna," idatero mfumu. "Ntchito yonseyi ndi yanu. Akuoneni."

A Tobiyasi adakweza dzanja. Galimoto idafika pomwe padali akazi awo, pafupi kwambiri moti akadatha kuwapatsira ambulera ikadakhala yawo. Nangondo adadzutsa mutu, adayang'ana amuna awo, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Takuonani, a Nduna," adatero motsitsa mawu.

Galimoto idapitirira. A Tobiyasi atacheuka adaona Nangondo akupempha mayi uja kuti awadzutse msanga, chifukwa mzere udali utayamba kusuntha.